Mabuku ndi mapu akale a Mulanje ndi Thyolo asamathere m'manja mwa ogula oyendayenda

Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za nkhani imene yandisowetsa mtendere kuyambira mwezi wathawu, ndiyo ya mabuku akale a azungu oyendera maiko, mapu ndi zithunzi zosindikizidwa kalekale zofotokoza za dera lathu lino la Mulanje ndi Thyolo. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndinaphunzitsa jogalafe ndi mbiri yakale, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikutolera mabuku otere pang'onopang'ono pamene thumba lalola.

Mwezi wathawu kunyumba kwanga kunafika mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa kale, atanyamula buku lalikulu m'thumba la shuga. Agogo ake anali khukhi pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo mzungu amene ankamuphikira, pobwerera kwawo, anawasiyira bokosi lachitsulo lodzaza ndi mabuku. Nkhalambayo inasunga bokosilo pansi pa bedi mpaka tsiku la imfa yake. Maliro atatha kunabwera munthu wina wapagalimoto amene amafunsa m'midzi ngati kuli zinthu zakale zogulitsa, ndipo banjalo, popeza nthawi inali yogula feteleza, linavomera. Buku limene mnyamatayo anandibweretsera linali British Central Africa, lolembedwa ndi Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno, ndi kusindikizidwa ku London mu 1897. Nditalitsegula ndinapeza kuti mapu onse achotsedwa. Pamene panali mapu panatsala kamzere kopyapyala ka pepala kodulidwa mosalala ndi lezala, ndipo masamba ena a zithunzi anazulidwa pamodzi ndi ulusi wake, kotero kuti msana wa bukulo unali utamasuka ndipo masamba ankagwa okha. Wogulayo anatenga zimene ankafuna pomwepo pakhonde, nasiya bukulo ponena kuti ndi lolemera, ndipo ndalama imene anapereka sinakwane ngakhale thumba limodzi la fetelezayo.

Banjalo sindikuliimba mlandu, pakuti silinkadziwa chimene linali nacho, ndipo palibe amene analiuzapo. Chimene ogula otere amadziwa n'chakuti mapu akale akaikidwa m'fulemu paokha amagulidwa msanga ndi anthu ofuna kukongoletsa makoma, ndipo buku limodzi likaphwasulidwa limatulutsa zidutswa zambiri zogulitsa. Koma mapu akasiyana ndi buku lake amataya mboni yake, chifukwa m'bukumo ndi mmene muli mawu ofotokoza amene anayenda njirayo, chaka chimene anayenda, ndi amene anamuuza maina a mitsinje ndi mapiri.

Ena adzafunsa kuti tikudandauliranji mabuku a atsamunda, olembedwa ndi anthu amene ankatiyang'ana pansi. Funsoli ndi lomveka, ndipo ine ndemwe ndawerengamo mawu onyoza makolo athu amene amawawa mumtima mpaka lero. Komabe mabuku omwewo ndiwo asunga zinthu zimene sitingazipeze kwina kulikonse. Buku la David Livingstone ndi mng'ono wake Charles lofotokoza ulendo wa pa Zambezi, limene linatuluka mu 1865, limanena mmene David ndi mnzake John Kirk anafikira ku nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859 ndi kuona phiri la Mulanje, ndipo limafotokozanso za Amang'anja amene ankalima thonje, kuomba nsalu ndi kusula makasu achitsulo mzungu asanamange sitolo ngakhale imodzi kuno. M'buku lomwelo muli chithunzi chija chimene ambiri anachionapo m'mabuku a sukulu, cha akapolo omangidwa magoli m'khosi, amene anamasulidwa pamudzi wa Mbame mu 1861. Ana athu amachiona chili chaching'ono ndi chofufuma, osadziwa kuti chinachitikira kufupi ndi Blantyre pa njira yotsikira ku Chikwawa, ndi kuti chinajambulidwa mozokota ndi amisiri a ku London amene sanapondepo dziko lino. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa mwana akaidziwa amayamba kufunsa kuti m'chithunzimo choona ndi chiti ndipo choganizira mmisiri ndi chiti.

Mapu ndiwo amandikhudza koposa. Mapu ena osindikizidwa ku France m'zaka za m'ma 1700 anali kale ndi dzina la Maravi, la nyanja ndi la ufumu, zimene zikusonyeza kuti mbiri ya nyanja yathu ya Malawi inafika ku Ulaya kudzera mwa Apwitikizi ndi amalonda Livingstone asanabadwe. Munthu amene waona mapu oterowo ndi maso ake sangavomerenso mosavuta kuti nyanjayo inatulukiridwa mu 1859. Tikafika pa mapu a kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, timaona dera lathu likusintha pamaso pathu. Mtsinje wa Ruo, umene anthu ankawoloka kupita kwa abale awo, ukusanduka malire potsatira pangano la Britain ndi Portugal la 1891. Kenaka pakuoneka Fort Lister, pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, ndi Fort Anderson, malinga amene anamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira ya akapolo yopita ku Quelimane ndi kugonjetsa mafumu a Chiyao monga Mkanda ndi Matipwiri. Maina athu akulembedwa monga khutu la mlendo linamvera, Mlanje m'malo mwa Mulanje ndi Cholo m'malo mwa Thyolo, pamene maina atsopano monga Lauderdale ndi Thornwood akukhazikika pa malo amene anali ndi maina ake kale. Kuyambira 1892 Johnston ankapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu, ndipo pa malo amenewo ndi pamene panakula thangata amene agogo athu, makamaka Alhomwe ochokera ku Mozambique, ankamukumbukira ndi misozi. Aliyense wokhala kuno akudziwa kuti nkhani ya malo ku Thyolo ndi Mulanje sinazizire, ndipo sindikuona mmene tingaikambire mwanzeru pamene mapepala osonyeza chiyambi chake akupita kunja m'zikwama.

Ndili ndi mapu amodzi a nthawi ya Nyasaland amene ndinkapita nawo m'kalasi. Tsiku lina ndinawayala pamphasa pamaso pa mkulu wina wa kufupi ndi Likhubula, amene unyamata wake wonse ankasenza matabwa a mkungudza kuchokera ku Chambe. Iye sankadziwa kuwerenga, koma nditamusonyeza mtsinje wa Likhubula anaika chala chake pamenepo nayamba kukwera nacho pang'onopang'ono, akutchula timitsinje, mapanga ndi malo opumulira amene pa mapupo panalibe, mpaka anafika pamalo ena oyera opanda cholembedwa chilichonse nanena kuti pamenepo panali mudzi wa amalume ake asanasamutsidwe. Ndinalemba maina onsewo ndi pensulo papepala lina, ndipo mkuluyo anamwalira patapita zaka ziwiri. Mapu aja akanakhala pakhoma la nyumba ina ku Johannesburg kapena ku London, maina amenewo akanapita naye kumanda. Mabuku a oyendera maiko amatchula Alexander Whyte amene anakwera phirili mu 1891, ndipo mkungudza wathu unapatsidwa dzina lake la sayansi pomukumbukira iye, koma za amene anamulondolera njira ndi kumusenzera katundu, tingazipeze pokhapokha titaika mabukuwo pafupi ndi okalamba athu nthawi ikadalipo.

Tisaiwale kuti dziko lino linatayapo kale zolembedwa zambiri pamene moto unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919. Zimene zinatsala m'manja mwa anthu wamba, m'mamishoni ndi m'nyumba zakale za m'maesiteti n'zamtengo wapatali chifukwa cha ngozi imeneyo. Ndipo mdani si wogula yekha ayi. Kuno chiperoni chikagwa kwa masiku angapo, pepala limamwa chinyezi, limachita mawanga ofiirira ndi kumera nguwi, ndipo chiswe chikalowa m'bokosi chimatha buku lonse mkati chikuto chili bwinobwino. Ndikupempha amene ali ndi zinthu zotere kuti azichotse pansi ndi kuziika pamalo okwera, ouma ndi opita mphepo, kutali ndi dzuwa. Asamate pong'ambika ndi selotepi, chifukwa guluu wake amadya pepala ndi kusiya banga losachoka, ndipo asapite nazo kokamatitsa pulasitiki monga timachitira ndi masatifiketi, pakuti zikatero sizingabwezeretsedwenso. Mapu opindidwa asamatambasulidwe kawirikawiri, popeza amayamba kuthyoka m'mizere mopindamo.

Malo osungira zinthu zotere alipo. Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, ndipo ku Blantyre, m'nyumba ya Mandala imene inamangidwa mu 1882, muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe limene linayamba mu 1946. Vuto n'lakuti mwana wa ku Muloza kapena ku Thekerani sangapeze ndalama yokwerera minibasi kukaona mapu a kwawo. Pempho langa kwa mabungwe amenewa, kwa makhonsolo a maboma athu awiri ndi kwa eni maesiteti amene ali ndi mapulani akale m'maofesi mwawo, n'lakuti agwirizane kujambula zinthuzi ndi makina amakono, asindikize makope akuluakulu ndi kuwapereka ku sukulu za sekondale ndi ku malaibulale a kuno. Pakhalenso tsiku lolengezedwa pa wailesi pamene akatswiri adzabwere pa boma la Mulanje ndi la Thyolo kuti anthu abweretse zimene ali nazo, azione, azilembe m'kaundula ndi kuwauza eni ake mtengo wake weniweni, kuti amene wasankha kugulitsa agulitse akudziwa, ndipo chithunzi chake chitsale kuno. Popeza phiri la Mulanje linalowa m'ndandanda wa UNESCO wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2025, alendo ofuna zinthu zakale achuluka ndithu, ndipo ntchitoyi siyofunika kuichedwetsa.

Buku lodulidwa lija ndalimanga ndi kansalu koyera ndipo lili pashelefu panga. Mnyamata uja wandiuza kuti m'bokosi la agogo ake mwatsala mabuku asanu ndi limodzi amene wogulayo sanawaone, ndipo tagwirizana kuti Loweruka likubwerali ndipite kukawalemba maina ndi zaka zake asanabwerenso munthu wa lezala uja.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Mulanje