Zikomo a Zanyengo, Uthenga Wanu Umatipeza Madzi Asanatipeze

Kwa Mkulu wa Nthambi Yoona za Nyengo ndi Kusintha kwa Nyengo,
Blantyre.

Bwana,

Ife a m'makomiti oteteza anthu ku ngozi m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje tikuthokoza chifukwa cha machenjezo amene mumaulutsa pa wailesi ndi pa foni, monga munachitira namondwe Freddy asanafike mu Malichi 2023.

Madzi amene amatisautsa kuno sachokera kumwamba kwathu. Mvula ikagwa yamphamvu ku Mulanje ndi Thyolo, Ruo amatsika mwaukali n'kukakumana ndi Shire pa Chiromo. Shire amasowa podutsa, n'kubwerera m'dambo la Elephant Marsh, ndipo anthu a ku Makhanga amapezeka ali pachilumba dzuwa likuswa mtengo. Zipata za pa Kamuzu Barrage ku Liwonde sizingathandize pamenepa, chifukwa Ruo amalowa mu Shire kumunsi kwenikweni. Chimene chimatipatsa nthawi ndi mawu anu.

Uthenga ukangofika, timayendera dayiki, khoma la dothi lotchinga madzi, makamaka m'munsi mwake mbali ya kumudzi. Madzi oyera akamanyenyera pang'onopang'ono sitichita mantha. Koma akamatuluka amatope, akubwata ngati phala, ndiye kuti akukokolola dothi mkati mwa khomalo, ndipo lidzatitimira lokha madzi asanafike n'komwe pamwamba. Potero sititsekapo, poti madzi angoboola pena. Timazunguliza matumba a mchenga kuti madzi adikhe m'katimo mpaka atasiya kutulutsa dothi. Thumba timalithira kupitirira theka pang'ono, osati kulidzaza, kuti ligone bwino pa linzake, ndipo timasanja mopingasa ngati njerwa. Malo ofooka ndi odziwika kale: pamene pali chiswe, mauna a mbewa, ndi njira za ng'ombe zopita kukamwa madzi. Apo ndi pomwe timabzala udzu wa vetiva mvula isanayambe.

Amabwato nawo amamvera. Mtsinje ukadzaza umabwera ndi zigobo za mitengo ndi namasupuni amene amakulunga injini, mchenga umasamuka moti njira ya dzulo lero kulibe, ndipo ng'ona ndi mvuu zimafika mpaka m'madimba. Tsiku lotero amachepetsa anthu ndi katundu, sawoloka mdima ukagwa, ndipo a maboti a injini amayenda pang'onopang'ono pafupi ndi dayiki kuti mafunde asagumule dothi lonyowa kale. Okalamba, odwala ndi amayi oyembekezera timawakwezera kumtunda bwato lisanakhale njira yokhayo.

Pempho lathu n'limodzi. Mvula ya ku Mulanje, Thyolo ndi Mwanza muziitchula payokha, m'Chichewa ndi m'Chisena, makamaka madzulo, chifukwa madzi a usiku ndi amene amapeza anthu ali m'tulo.

Ife anu,
A m'makomiti a m'midzi, Chigwa cha Shire