Kalata yothokoza ofesi ya zaumoyo ya boma la Mulanje

Kwa Mkulu wa Zaumoyo,
Boma la Mulanje.

Bwana,

Ndalemba m'malo mwa amayi anzanga a gulu la banki m'khonde kuno ku Chonde. Tikuthokoza ofesi yanu potitumizira mayi wofufuza wa ku yunivesite uja, amene anacheza nafe pansi pa mtengo wa mango mpaka dzuwa kupendeka. Kunena zoona, ambiri tinathamangira kumeneko poganiza kuti kugawidwa maneti a udzudzu.

Ambirife tinasiya kusamba, ena atsala pang'ono. Zinkatizunguza mutu kuti mayi amene wathyola tiyi zaka 20 osadziwa khomo la chipatala, akangopitirira zaka 50 amauzidwa kuti BP yakwera. Tinkati ndi maganizo, kapena ana osamvera. Ena ankafika poloza chala achibale.

Mayi uja anati m'thupi la mkazi muli homoni yotchedwa estrogen, imene imapangidwa makamaka m'timatumba ta mazira. Ntchito yake si ya msambo ndi uchembere wokha ayi. Imathandiza kakhungu ka m'kati mwa mtsempha kutulutsa mpweya wotchedwa nitric oxide, umene umafewetsa mtsempha kuti uzitanuka magazi akamadutsa, ndipo imachepetsa mafuta oipa m'magazi. Ataona kuti tangoti kukamwa yasa, anatulutsa machubu awiri a njinga. Chatsopano chinatanuka ngati legeni. China, chokhalitsa padenga, chinali chouma gwa. Msambo ukatha, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, estrogen imachepa, mitsempha n'kuyamba kufanana ndi chubu chapadenga chija, ndipo mtima umakankha magazi movutikira. N'chifukwa chake matenda a mtima amagwira akazi mochedwa, pafupifupi zaka 10 pambuyo pa amuna. Amachedwa, koma amafika.

Chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni ndi yankho limene anapatsa msungichuma wathu, amene anafunsa kuti, “Nanga bwanji osangotipatsa estrogen yoyo timwe?” Mayi uja anapukusa mutu. Anati ku America anayesa zimenezo pa amayi oposa 16,000 osiya kusamba, koma mu 2002 kafukufukuyo anamuimitsa nthawi yake isanakwane, chifukwa amene ankamwa estrogen yosakaniza ndi homoni ina ankadwala kwambiri sitiroko, kuundana kwa magazi ndi khansa ya m'mawere. Anati mankhwalawa alipo, koma dokotala ndiye aone woyenera kumwa. Ife tazolowera anthu obwera ndi mabotolo tsiku la msika, olonjeza kutsuka magazi. Uyu sanatigulitse kanthu, ndipo pa chifukwa chimenecho tinamukhulupirira.

Anatichenjezanso kuti mapiritsi ena olera ali ndi estrogen, choncho mayi wa BP aziuza anamwino asanalandire. Jakisoni wa Depo alibe. Uthengawu ndinaupititsa kwa mpongozi wanga tsiku lomwelo.

Pa nkhani ya mchere ndiye panabuka phokoso. Akuti munthu asapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi basi, ndipo soda amene timathira mu therere ndi chigwada naye amakweza BP ngati mchere womwe. Agogo ena anati bola afe akudya zokoma. Tinaseka, koma Lachitatu lotsatira anali oyamba pamzere wokayezetsa. Inenso ndinapita. Anandipeza ndi 150/95, kupitirira 140/90 imene anati ndi malire, ndipo atandiyezanso sabata ina anandiyambitsa mankhwala. Mutu sunkandipweteka n'komwe.

Wopatsidwa chala amafuna mkono, mutikhululukire. Tikupempha kuti alangizi a zaumoyo akamabwera ku sikelo ya ana azitenganso makina oyezera BP, popeza ambiri obereka zidzukulu kumeneko ndife agogo. Ndipo mayi uja akadzabweranso, mutiuze nthawi ilipo kuti tidzakoke azibambo athu. Iwo akuti izi ndi nkhani za kuchikuta.

Ine wanu,
Mlembi wa gulu la amayi, Chonde.