Loko wa m'kompyuta asakhale pamwamba pa lamulo

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo pa nkhani ya maloko amene makampani amaika m'mapulogalamu oyendetsa kompyuta pofuna kuthana ndi anthu okopa mwakuba. Ndinene poyamba kuti kuba ntchito ya mnzako n'kulakwa. Anthu amene amalemba mapulogalamuwa amakhetsa thukuta kwa zaka zambiri, ndipo ayenera kudya thukuta lawo. Chimene chandilembetsa kalatayi n'chakuti lamulo limateteza loko ndi mphamvu zake zonse, koma silifunsa kawirikawiri ngati lokoyo akuchita chilungamo kwa munthu amene analipira.

Chaka chatha motherboard ya kompyuta yanga, bolodi lalikulu limene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, inapsa. Ndinagula ina, wokonza n'kuikamo. Zina zonse zinali momwe zinalili: hard disk yomweyo, mafayilo omwewo, laisensi yomweyo imene ndinagula ndi ndalama zanga. Nditayatsa, pakona ya sikirini panatuluka uthenga wakuti pulogalamu yanga ndi yosatsimikizika. Ndinalemba kiyi, nambala yachinsinsi ya laisensi yanga, katatu, ndikuwerenga chilembo chimodzichimodzi ndi chala, koma inakana. Ndinatha masiku anayi ndikusakasaka risiti ndi kudikira pafoni kuti wina andiyankhe. Pomaliza ananditsegulira. Koma kwa masiku anayiwo makina anga omwe ankandiona ngati mbava, ndipo udindo wosonyeza kuti ndine wosalakwa unali pamutu panga.

Zimayenda chonchi: pulogalamu imayang'ana zipangizo za m'kompyuta, n'kupanga nambala yozindikirira makinawo, kenako n'kuimangiriza ku kiyi yanu pa seva, kompyuta yaikulu ya kampani. Mukasintha chipangizo chachikulu, nambala ija imasintha, ndiye seva imaganiza kuti mwaika pulogalamuyo pakompyuta yachiwiri. Seva sidziwa kusiyanitsa wakuba ndi munthu amene makina ake apsa.

Mbiri ya nkhaniyi ndi yodziwika. Mu 2001 Windows XP ya kampani ya Microsoft inabwera ndi lamulo lakuti munthu atsimikize kope lake pasanathe masiku 30. Mu 2006 pulogalamu ya Windows Genuine Advantage Notifications inalowa m'makompyuta a anthu ngati imodzi mwa ma update ofunika kwambiri, ndipo zinadziwika kuti inkalumikizana ndi maseva a Microsoft mwiniwake wa kompyuta asakudziwa. Ena ku America anasuma kukhothi ponena kuti uku n'kuzonda anthu, koma mlanduwo unatha mu 2010 osaphula kanthu. Windows Vista inafika pena: kope limene laganiziridwa kuti ndi lakuba linkatsekedwa moti munthu ankangotha kutsegula intaneti kwa ola limodzi, kenako makina n'kumutulutsa. Mu Ogasiti 2007 maseva otsimikizira aja anasokonekera, ndipo anthu masauzande amene anagula mwachilungamo anauzidwa kuti makope awo si enieni. Chaka chotsatira kampaniyo inachotsa chilango chotseka kompyutacho. Ku China mu Okutobala 2008, chithunzi cha pasikirini ya makompyuta okayikiridwa chinkada bii ola lililonse, mpaka loya wina wa ku Beijing anakadandaula kuboma kuti kampani ilibe ufulu wolowa m'makina a munthu popanda chilolezo cha khothi.

Funso la loyayo ndi langanso. Munthu akakuberani, simuthyola chitseko chake n'kudzitengera nokha. Mumapita kwa apolisi, mlandu n'kuzengedwa, winayo n'kupatsidwa mpata woyankha. Koma loko wa m'kompyuta ndiye wodandaula, ndiye woweruza, ndiyenso wopereka chilango, zonse m'kuphethira kwa diso. Ndipo chifukwa choti ena amaba, tonse tikuyesedwa akuba, ngati kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola.

Nanga malamulo akuti chiyani? Pangano la 1996 la WIPO, bungwe la United Nations loona za umwini wa nzeru ndi luso, lokhudza umwini wa zolemba linauza mayiko kuti ateteze maloko otere mwalamulo. America inatsatira ndi lamulo la DMCA mu 1998, ndipo mayiko a European Union anachita chimodzimodzi mu 2001. Gawo 1201 la DMCA limaletsa kuthyola loko ngakhalenso kupanga kapena kugawa chida chothyolera. Wochita zimenezi mwadala pofuna phindu angathe kulipitsidwa mpaka madola 500,000 kapena kumangidwa zaka zisanu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mlandu wagona pa kuthyola lokoyo, ngakhale zimene mukufuna kuchita mukatsegula zikhale zololedwa. Mu Julayi 2001, Dmitry Sklyarov wa ku Russia anamangidwa ku Las Vegas chifukwa cha pulogalamu yotsegula mabuku a pakompyuta otsekedwa ndi loko wa Adobe. Kampani imene ankagwirako ntchito, ElcomSoft, inapezeka yosalakwa mu Disembala 2002, koma iye anali atalawa kale ndende.

Tsopano taonani mmene zimakhalira wolakwa akakhala mwini loko. Mu 2005 katswiri wina, Mark Russinovich, anatulukira kuti ma CD ena a nyimbo a Sony BMG ankalowetsa pulogalamu yobisika mkatikati mwa Windows munthu akawaika m'kompyuta n'kudina batani lovomera. Pulogalamuyo inkabisa fayilo iliyonse imene dzina lake likuyamba ndi $sys$, ndipo sipanatenge nthawi kuti opanga mavairasi ayambe kubisalira momwemo. Woyesa kuichotsa pamanja ankatha kupezeka kuti CD drive yake yasiya kugwira ntchito. Kampaniyo inaitanitsa ma CD aja, ndipo mu 2007 inagwirizana ndi FTC, bungwe la boma la America loteteza ogula, kulipira mpaka madola 150 kwa munthu amene kompyuta yake inawonongeka. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti akatswiri ofufuza zoopsa ngati zimenezi anachita kukapempha chilolezo chapadera, chimene chinaperekedwa mu 2006, kuti asaimbidwe mlandu wothyola loko. Loko wowononga katundu wa anthu anali ndi chitetezo cha lamulo kuyambira tsiku loyamba, pamene womuulula anayenera kuyamba wapempha.

Zilolezo zoterezi ku America zimaunikidwa zaka zitatu zilizonse. Mu 2010 ndi pamene analola munthu kutsegula foni yake kuti aikemo mapulogalamu amene wopanga foniyo sanawavomereze. Ndi bwino kuti analola, koma ufulu wogwiritsa ntchito chinthu chimene unagula suyenera kukhala wobwereka.

Ena adzati, “Munavomera nokha pamene munadina batani lovomera malamulo a kampani lija.” N'zoona, tinadina. Koma ndi angati amene amawerenga masamba onse aja? Ndipo ngakhale utawerenga, ungasinthepo mawu amodzi? Ukakana, makina amene walipira kale sakuthandiza kanthu. Makampani amanenanso kuti pulogalamu sagulitsa, amangopereka chilolezo choigwiritsa ntchito. Khothi lalikulu la European Union silinavomereze kuti mawu amenewa athetse nkhani yonse. Mu 2012, pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle, linagamula kuti munthu amene walipira laisensi yopanda malire a nthawi wagula kopelo, ndipo angathe kuligulitsanso. Mu 2014, pa mlandu wa Nintendo ndi PC Box, linanena kuti loko woyenera chitetezo cha lamulo ndi amene sapyola malire a cholinga chake, ndipo makhothi ayenera kuona ngati panalibe njira ina yosapondereza anthu osalakwa. Nzeru imeneyi ndi imene ndikulakalaka itafalikira.

Ndikaganiza za anthu osaona, nkhawa yanga imakula. Loko akatsekereza pulogalamu yowerengera mawu mokweza, munthuyo watsekeredwa kunja kwa buku limene anzake akuwerenga. N'chifukwa chake Pangano la Marrakesh la 2013 linanena kuti chitetezo cha maloko chisalepheretse anthu otere kupeza mabuku. Ndipo chodabwitsa n'chakuti wakuba weniweni savutika ndi zonsezi, chifukwa kope lake linachotsedwa kale loko. Wovutika ndi amene analipira.

Pempho langa kwa opanga malamulo ndi lakuti loko aliyense azifotokozedwa momveka munthu asanagule: chimene amatumiza ku seva, ndi chimene adzachite akakukayikirani. Pulogalamu yoyendetsa kompyuta isamatsekere munthu mafayilo ake pa chifukwa chilichonse, pakuti makalata, zithunzi ndi ntchito zimene zili mmenemo si za kampani. Kampani ikanamizira wogula, izimutsegulira mwamsanga ndi kumulipira nthawi imene wataya. Ndipo kampani ikadzazimitsa maseva ake otsimikizira, wogula akhale ndi ufulu wochotsa lokoyo popanda kuopa khothi.

Ine wanu,
Wowerenga wokhudzidwa