Kalata kwa makasitomala athu yokhudza kusintha kwa vinyo wofiira

Okondedwa makasitomala athu,

Ndikulemba pofuna kukudziwitsani kuti kuyambira kumayambiriro kwa mwezi wamawa, vinyo wofiira amene takhala tikukuthirirani m'matambula pamalo athu odyera kuno ku Dedza sakhalanso Cabernet Sauvignon, koma Shiraz. Mtengo wa tambula ukwera pang'ono, ndipo mitengo yatsopano tidzaimata pakauntala. Cabernet amene watsala tidzamugulitsa wathunthu m'mabotolo mpaka atatha.

Sindikukondwa kuti ndine amene ndiyenera kufotokoza zimenezi, chifukwa amene anabweretsa mavutowa sanalemberepo aliyense kalata yopepesa. Vinyo wathu amachokera ku South Africa ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, tinalimba mtima osasintha kalikonse pamatebulo anu. Itachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinapirirabe, ngakhale kuti phindu la vinyo linali litatheratu ndipo tinkangomusunga kuti musakhumudwe. Lero munthu umapita kubanki ndi makwacha ako m'manja, mapepala onse ali m'malo, n'kuuzidwa kuti ndalama zakunja palibe, ukayesenso sabata yamawa. Amene timapikula kwa iwo nawonso asintha mtima. Tagwira nawo ntchito zaka zambiri osaphonyapo kubweza ngongole, koma tsopano akufuna kuti tilipiriretu zonse katundu asananyamuke, ndiponso kuti Cabernet titenge makatoni ochuluka kuposa amene malo aang'ono ngati athu angagulitse. Katunduyo akalowa m'dziko muno pamakhala msonkho, mtengo wa mafuta a galimoto, ndi masiku odikirira siginecha ya munthu amene sakupezeka pampando wake. Zimandiwawa kumva akuluakulu akulankhula pawailesi za kutukula ntchito zokopa alendo, pamene ife amene timalandira alendo obwera kudzakwera phiri la Dedza kapena kudzaona zojambula za m'mapanga a Chongoni tikusowa chowathirira m'tambula. Ndili ndi antchito amene mabanja awo amadalira malo ano, ndili ndi alimi a kachewere ndi ndiwo zamasamba amene amayembekeza kuti ndiwalipira nthawi yake, ndipo sindingawauze onsewa kuti adikire chifukwa ndalama zawo zagona m'makatoni a vinyo.

Sindikufuna kuti wina aganize kuti takupatsani vinyo wotsika kuti tipulumuke. Mitundu iwiriyi ya mphesa ndi yamphamvu yonse, ndipo yonse inachokera ku France, koma imasiyana kwambiri mkamwa.

Cabernet Sauvignon kwawo ndi ku Bordeaux, ndipo ku South Africa amadziwika kwambiri wa ku Stellenbosch. Mphesa zake ndi zazing'ono, za khungu lokhuthala, ndipo zimachedwa kupsa. Khungu ndi njerezo n'zimene zimapatsa vinyo chija amachitcha tannin, chimene chimaumitsa lilime ndi nkhama monga amachitira tiyi wopitirira masamba wopanda mkaka. N'chifukwa chake Cabernet akadali wamng'ono amamveka wouma ndi wolimba, ndipo opanga ake amamusunga m'migolo yamatabwa a oak kwa miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, kuti afewe. Fungo lake ndi la zipatso zakuda, kuphatikizapo kafungo ka matabwa, ndipo kawirikawiri mumamveka kanthu konga tsabola wobiriwira wosawawa uja timathira m'ndiwo. Amene mumamukonda, ndikudziwa kuti mumakonda kulimba kwakeko, kumene kumatsala mkamwa nthawi yaitali mukameza. Kusungidwa m'migoloko n'kumenenso kumakweza mtengo wa Cabernet amene tinkatenga.

Shiraz kwawo ndi kuchigwa cha mtsinje wa Rhône, kumene amamutcha Syrah, ndipo dzina la Shiraz linafala ku Australia ndi ku South Africa. Amakonda dzuwa, ndipo m'madera otentha ndi ouma ngati Swartland ku South Africa amabala vinyo wakuda bii, wodzaza mkamwa. Tannin wake alipo ndithu, koma ndi wofewerapo, moti sadikira zaka kuti amwedwe bwino. Choyamba kumveka ndi zipatso zakupsa kwambiri zonga mabulosi, kenako kumabwera fungo la tsabola wakuda wopera, ndipo ena amamva kautsi ndi fungo la nyama yowamba. Si wotsekemera ayi, shuga wake anasanduka mowa monga momwe zilili ndi Cabernet, koma kupsa kwa zipatsozo kumachititsa anthu ambiri kumuona ngati wokomerapo pa tambula yoyamba. Mphamvu yake nthawi zambiri imakhala cha m'ma 14 peresenti kapena kupitirirapo pang'ono, choncho amene mukuyendetsa galimoto kubwerera ku Lilongwe usiku musanyengeke ndi kufewa kwake.

Ine maganizo anga ndi akuti pa nyama ya ng'ombe yonona, Cabernet alibe mnzake, chifukwa mafuta a nyamayo amafewetsa kuuma kuja, ndipo pamenepo tidzamusowa. Koma pa mbuzi yootcha pamakala, pa nkhumba, ndi pa chakudya chilichonse chimene mwathira tsabola, Shiraz amagwirizana nazo bwino kuposa, popeza utsi wa makala ndi fungo lake zimayendera limodzi. M'kuzizira kwa Juni ndi Julaye kuno kwathu, pamene ambiri mumapempha kukhala pafupi ndi moto, ndikukhulupirira kuti mudzamuyamikira. Sindikunena kuti Shiraz ndi wotchipa paliponse, pakuti alipo ena okwera mtengo kwambiri. Amene tasankhayu ndi amene tingathe kumupeza pang'onopang'ono popanda kumiza malo ano m'ngongole, ndipo ndinamulawa ndekha pamodzi ndi ophika athu tisanavomere.

Ndikuthokoza kwambiri nonse amene mwakhala nafe m'zaka zovutazi, inu a pa boma pano, a ku Ntcheu, ndi inu amene mumapatuka pamsewu wa M1 kuti mudzadye kwathu. Ndikudziwa kuti malo odyera ndi ambiri ndipo palibe chimene chimakukakamizani kubwera kwa ife. Ndikukupemphani kuti musatithawe chifukwa cha kusinthaku musanalawe. M'sabata yoyamba aliyense woitanitsa chakudya tidzamuthirira pang'ono kwaulere, ndipo amene sanakhutire adzandiuze ine mwini pamaso. Ndalama zakunja zikadzayamba kupezeka ndipo otipikulitsa akadzalola kutipatsa makatoni ochepa, Cabernet tidzamubwezeretsa, ngakhale kuti tsiku lake sindingalonjeze.

Ine wanu pokutumikirani,

Mwini malo
Dedza