Lipoti la Msonkhano Wokambirana Ntchito Zina za Ndege za Ulimi

A Wapampando ndi mamembala nonse a bungwe lathu,

Munandituma kuti ndikakuimireni pa msonkhano wa eni ndege za ulimi, oziyendetsa ndi amakaniko, ndipo munandisenzetsa funso limodzi: kodi ndege yathu ingamagwire ntchito yanji m'miyezi imene kulibe mbewu zoti tipopere mankhwala? Ndinakhala nawo pa zokambirana zonse, ndipo m'lipotili ndikukutulirani zimene ndinamva pamodzi ndi maganizo anga.

Amene anatsegula zokambirana anatikumbutsa kuti ntchito yoyamba yowaza mankhwala ndi ndege, imene inachitika mu 1921 pafupi ndi Troy ku Ohio m'dziko la America, sinali ya m'munda wa mbewu konse, koma ndege ya asilikali inawaza mankhwala a ufa pa mitengo ya catalpa imene inagwidwa ndi mbozi. Mfundo yawo inali yakuti ndege ya ulimi kwenikweni ndi thanki yaikulu yokhala ndi mapiko, yopangidwa kuti izinyamula zolemera, iziuluka m'munsi kwambiri, ndiponso izitera pa bwalo lalifupi la dothi. Chimene chimasiyanitsa ntchito zake ndi chipangizo chimene chamangidwa kunsi kwa thankiyo: mapaipi opopera, chomwazira zinthu zouma, kapena chitseko chotulutsira madzi ambiri nthawi imodzi.

Nkhani imene inadya nthawi yochuluka inali yozimitsa moto wa m'nkhalango. Ndege ya Air Tractor AT-802F, yopangidwa ku Olney ku Texas, imanyamula malita pafupifupi 3,000, ndipo ina ya mtundu womwewo yotchedwa Fire Boss ili ndi zoyandamira zimene zimaithandiza kutunga madzi pa nyanja kapena pa damu ikuthamanga pamwamba pa madziwo osaima. Ndege ya ku Poland ya PZL M-18 Dromader nayonso yakhala ikugwira ntchitoyi kwa zaka zambiri. Oyendetsa amene anaigwirapo ananena mosabisa kuti ndege siizimitsa moto payokha. Phindu lake ndi lakuti imafika msanga moto ukadali waung'ono, n'kuufooketsa kuti anthu ozimitsa amene ali pansi athe kuuyandikira.

Ndiyenera kunena kuti ambiri m'chipindamo anakopeka kwambiri ndi ntchitoyi, ndipo inenso poyamba ndinakopeka nayo, chifukwa m'madera ambiri moto umavuta nthawi yachilimwe pamene ntchito yopopera yachepa, komanso makontirakiti ake nthawi zambiri amalipira ndege chifukwa chongokhala yokonzeka, kuwonjezera pa maola amene yauluka. Koma nditamva bwino zoopsa zake ndinayamba kuiganizira mofatsa. Woyendetsa amene anazolowera munda wathyathyathya amapezeka ali pakati pa mapiri, mu utsi, mpweya wotentha ukuikankha ndege uku ndi uku, ndege zina zikuzungulira malo omwewo. Akatsegula chitseko n'kutaya matani atatu a madzi m'masekondi ochepa, mphuno ya ndege imadzuka mwamphamvu, ndipo ayenera kukhala atazolowera kale kuigwira. Zimenezi zimafuna maphunziro apadera, chilolezo china, wailesi zolumikizirana ndi woyang'anira moto, ndi inshuwaransi yokwera mtengo.

Ntchito imene inalankhulidwa modekha, koma imene ndikuiona kuti ndi yotiyenera, ndi yomwaza feteleza ndi mbewu. Ku New Zealand anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kumwaza feteleza wa superphosphate pa msipu wa m'mapiri otsetsereka kumene thirakitala singafike, poyamba ndi ndege zakale za Tiger Moth, ndipo ntchitoyi ikuchitikabe mpaka lero. Ku chigwa cha Sacramento ku California mpunga wambiri umafesedwa ndi ndege: mbewu imanyikidwa m'madzi kaye kuti ilemere ndi kuyamba kumera, kenako imamwazidwa m'minda imene yadzazidwa kale madzi. Alimi ena amafesetsa mbewu zophimba nthaka chimanga chikadali chilili m'munda, kuti pokolola zikhale zitamera kale, ndipo m'mapiri amene apsa ndi moto ndege imafesa udzu kuti mvula yoyamba isakokolole nthaka. Pa ntchito zonsezi woyendetsa amauluka mizere yomweyo imene amauluka popopera, ndi GPS yomweyo, chipangizo chomulondolera pogwiritsa ntchito masetilaiti. Chovuta chili pansi, pakuti zouma zimatha msanga m'thanki, ndipo ngati palibe makina ozikwezera mofulumira ndege imathera tsiku lonse pa bwalo ikudikira.

Tinamvanso za ntchito zoteteza anthu ndi ziweto. Mu 2001 ndi 2002 boma la Botswana linagwiritsa ntchito ndege za ulimi polimbana ndi kashembe m'dambo la Okavango. Ndegezo zinkauluka usiku, pamene mpweya wazizira ndipo wadekha kotero kuti timadontho ta mankhwala a deltamethrin timakhala m'munsi pakati pa mitengo, ndipo zinkabwereza kangapo malo amodzimodzi chifukwa ana a kashembe amene ali m'nthaka mankhwala sawafika mpaka ataswa. Dzombe limene linavuta kum'mawa kwa Africa mu 2019 ndi 2020 linafunanso ndege zambiri. Ntchito zoterezi ndi zaphindu lalikulu, koma zimabwera mwa apo ndi apo kudzera m'maboma, choncho sitingawerengere bajeti yathu pa izo.

Zina zinangotchulidwa mwachidule. Ku Australia ndege za ulimi zimakhala zokonzeka kupopera mankhwala omwaza mafuta amene atayikira m'nyanja, ndipo ndege zambiri zakale za Piper Pawnee tsopano zimakoka ndege zopanda injini.

Amakaniko anatichenjeza zinthu ziwiri zimene ndikupempha kuti tizisunge. Choyamba, thanki imene munali mankhwala ophera udzu iyenera kutsukidwa mosamala kwambiri musanalowe mbewu, chifukwa zotsalira zochepa zingathe kuwononga munda wonse wa mwini wake. Chachiwiri, ola lililonse limene ndege yauluka limayandikitsa nthawi yokonzanso injini, ndipo feteleza amadya zitsulo, motero mtengo umene tingalipiritse uyenera kuphatikizapo zimenezi.

Pempho langa kwa komiti ndi lakuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tivomereze kufufuza mtengo wa chomwazira zouma ndi makina okwezera katundu, tilembere akuluakulu oona za kayendedwe ka ndege kuti atiuze ngati chilolezo chathu chikukwanira pa ntchito yofesa, ndipo nkhani yozimitsa moto tiyambe taiimika kufikira mmodzi mwa oyendetsa athu atapita kukaphunzira.