Tebulo lopinda ndi boti lakale, tisamagule ndi maso okha

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani yomwe yadzadza pa intaneti masiku ano, ya anthu ofuna kukhala m'malo ang'onoang'ono. Mukangotsegula Facebook kaya YouTube mavidiyo ali mbwee, wina akutsitsa tebulo kuchokera pakhoma, wina akusandutsa shelefu kukhala podyera anthu anayi, ndiye pali ena afika poti za nyumba ayi, ife tigula boti lakale la matanga tizigona momwemo n'kumayenda nalo panyanja. Ine sindikutsutsa, zinthu zake n'zosiririka ndithu. Chomwe chikundivuta n'choti mavidiyowa amaonetsa tsiku loyamba lokha chinthu chikadali chonyezimira, pomwe tebulo lopinda ndi boti logwirapo kale ntchito zimafera pamalo posaoneka pa chithunzi.

Ndiyambe ndi tebulo poti ndi lomwe ambirife tingalifikire. Tebulo lopinda si nzeru yatsopano ayi, ku England ankapanga kale matebulo a mapiko ogwa okhala ndi mwendo wotseguka ngati geti m'zaka za m'ma 1600, ndipo mpaka lero mtundu umenewu ukugulitsidwabe chifukwa umagwira ntchito. Koma musanakopeke ndi kapindidwe kake tengani tepi muyeze chipinda. Tebulo lodyera limakhala lotalika pafupifupi masentimita 75 kuchokera pansi, munthu mmodzi amafuna malo okwana masentimita 60 m'mbali kuti asamagundane zigongono ndi mnzake, ndipo kumbuyo kwa mpando pamafunika pafupifupi masentimita 90 kuti munthu adzuke kapena wina adutse. Anthu ambiri amayeza tebulo lili chipindire n'kusangalala kuti lakwana, tsiku lomwe alitambasula ndi pomwe amaona kuti chitseko cha kabati sichikutseguka komanso mipando ilibe kolowera. Ndiye nkhani ya mipando imaiwalika nthawi zonse, tebulo lapinda bwinobwino lakhala phee pakhoma koma mipando inayi ili pakati pa chipinda, nde mwapulumutsa malo ati? Pamenepa benchi yotsegula pamwamba yomwe mkati mwake mumasungamo zinthu, kapena timipando tosanjikizana, zimathandiza kuposa tebulo lenilenilo.

Kenako yang'anani mahinjesi ndi thabwa lomwe masikuluu alowamo. Matebulo ambiri otchipa amapangidwa ndi chipboard, kutanthauza utuchi womata ndi guluu, ndipo chinyezi chikangolowa m'mphepete amafufuma, masikuluu n'kuyamba kusolokamo, ndipo mukabwezera pabowo lomwelo sagwiranso. Thabwa lenileni kaya pulayiwudi yochindikala bwino zimapirira kutsegula ndi kutseka tsiku ndi tsiku. La pakhoma lija ndiye samalani kwambiri, kulemera konse kuli pa mabawuti ochepa chabe, ndipo khoma likakhala la bolodi yopyapyala osati njerwa, mwana akangotsamirapo basi zonse zili pansi. Funso lina lomwe munthu ayenera kudzifunsa moona mtima ndi loti kodi ndizilipindadi tebuloli? Chifukwa ngati kulipinda kukufuna kuchotsa kaye zonse zili pamwamba, kusuntha sofa, n'kugwira ndi manja awiri, pakatha mwezi lizingokhala chitambasulire mpaka kalekale.

Opanga maboti anathana nazo kale zimenezi, n'chifukwa chake ndaziphatikiza nkhani ziwirizi. M'boti la mamita 9 kapena 10 chipinda chochezera, chodyera ndi chogona alendo n'chimodzi chomwecho. Kawirikawiri mupeza mitundu itatu: tebulo lomangidwa pakati lokhala ndi mapiko awiri ogwa, tebulo lopindikira kukhoma lomwe likakwera pansi ponse pamatsala poyera, ndi lina lozunguliridwa ndi mabenchi lomwe mumalitsitsa n'kuikapo khushoni kukhala bedi la anthu awiri. Lomalizali ogulitsa amalikonda zedi chifukwa amatha kulemba kuti boti ili mumagona anthu 6, koma taganizani, usiku uliwonse kuchotsa mbale, kutsitsa tebulo, kuyala, m'mawa kuyalula, ndipo wina akafuna kugona msanga ena onse alibenso pokhala. Kwa wikendi imodzi zimatheka, kwa miyezi ndi mkangano. Tebulo la m'boti limafunikanso kamphepete kokwera kozungulira kuti makapu asamatsetsereke boti likapendekeka, makona ake akhale obulungira, ndipo likhale lomangidwa zolimba pansi chifukwa mafunde akakula munthu wamkulu amaponyedwa n'kukagwira pomwepo. Mukaligwedeza ndi dzanja limodzi n'kumva likusewera, dziwani kuti panyanja silikugwirani.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna ndikhalitsepo a Mkonzi. Munthu akapita kukaona boti logulitsa amatsikira mkati, waona matabwa opaka vanishi, makhushoni atsopano, tebulo lokongola, mtima wagwa pompo. Wogulitsa amadziwa zimenezo, kusoketsa makhushoni n'kotchipa poyerekeza ndi kukonza pansi pa boti. Zoyenera kuyamba kuona zili kunja ndi kunsi, ndipo boti liyenera kutulutsidwa m'madzi, wogulitsa akakana zimenezo ingotsanzikani.

Maboti ambiri omwe ali pamsika wa zakale ndi a fiberglass, kutanthauza pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi, omwe anayamba kupangidwa ochuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Fiberglass siwola ngati thabwa n'chifukwa chake maboti a m'ma 1970 ndi 1980 akuyendabe, mwachitsanzo Westerly Centaur ya ku UK yomwe anapanga zoposa 2,400, kapena Catalina 30 ya ku America yomwe anapanga zoposa 6,000. Kugula mtundu womwe unapangidwa wambiri chonchi kuli ndi ubwino wake, matenda ake amadziwika kale, eni ake ali ndi magulu omwe amauzana zoyenera kusamala, ndipo ma sipeya savuta kwenikweni. Vuto lomwe aliyense amaliopa ndi osmosis, madzi amalowa pang'onopang'ono kudutsa khungu lakunja la boti n'kupanga matuza, mukaboola thuzalo mumatuluka timadzi tonunkha ngati viniga. Kunena zoona timatuza tochepa sitimiza boti, ndi chida chabe chotsitsira mtengo pokambirana. Ine chomwe chimandiopsa kwambiri ndi deki, pamwamba pa boti pomwe anthu amayendapo. Deki zambiri zili ndi thabwa lopepuka la balsa pakati pa zigawo ziwiri za fiberglass, ndiye paliponse pomwe anaboola kuti amange chitsulo, madzi akapeza njira thabwa lija limawola mkati osaonekera kunja. Yendani pa deki yonse opanda nsapato, pakamafewa pansi pa phazi pali nkhani. Akatswiri amagogoda ndi kahamala kapulasitiki, pabwino pamalira kuti ngwee, powola pamamveka mogontha, ndipo kukonza kwake ndi kung'amba deki, ntchito ya miyezi.

Ndiye pali keel, chitsulo cholemera cha kunsi chomwe chimapangitsa kuti boti lisagudubuzike mphepo ikakankha matanga. Pa maboti ambiri imagwiridwa ndi mabawuti, ndiye yang'anani pomwe yakumana ndi thupi la boti, ngati pali mng'alu kapena mizere ya dzimbiri yotsika, komanso tsegulani matabwa apansi mkati muone ngati pozungulira mabawutiwo pali ming'alu kapena zigamba zosonyeza kuti boti linagundapo mwala. Izi si zocheza. Mu May 2014 boti lotchedwa Cheeki Rafiki linaduka keel pakati pa nyanja ya Atlantic pobwerera ku UK kuchokera ku Antigua, linatembenuzika ndipo anthu onse anayi omwe anali momwemo sanapezekenso. Ofufuza ngozi za panyanja a ku UK anati kugunda pansi komwe botilo linachitapo m'mbuyomo, pamodzi ndi kakonzedwe kake, mwina ndi zomwe zinafooketsa pamalopo. Ndiye mukafunsa wogulitsa kuti kodi linagundapo iye n'kuyamba kuseka, funsaninso kachiwiri.

Mawaya ogwira mlongoti nawo amanamiza. Ndi a stainless, chitsulo chosachita dzimbiri msanga, amaoneka owala mpaka tsiku lomwe aduka, chifukwa amatopa mkati makamaka kumapeto komwe waya walowa m'chitsulo. Makampani ambiri a inshulansi amafuna kuti mawayawa asinthidwe pakatha zaka pafupifupi 10, ndiye pemphani lisiti losonyeza chaka chomwe anasinthidwa, mawu apakamwa okha ayi. Onaninso zitsulo zomwe mawayawo amangiriridwa pa thupi la boti, nthawi zambiri zimabisala kuseri kwa kabati kapena shelefu, mukaona thabwa lada pamenepo ndiye kuti madzi akhala akudontha kwa zaka. Matanga atambasuleni onse, dzuwa limadya nsalu ndi ulusi womwe, kandani msoko ndi chikhadabo, ukamaduka mosavuta ndiye kuti atha ntchito ngakhale akuoneka oyera.

Injini ya dizilo, kaya ndi Yanmar kaya Volvo Penta kaya Perkins yakale, muuzeni wogulitsa asailize inu musanafike, ndipo mukafika ikhudzeni ndi dzanja mutsimikize kuti ndi yozizira. Injini yotopa ikatentha imalira bwinobwino, chilungamo chake chimaoneka poiliza m'mawa ili yozizira. Utsi wa buluu ndi oyilo akupsa, wakuda ndi dizilo wosapsa bwino, ndipo oyilo akamaoneka ngati wasakanizidwa ndi mkaka ndiye kuti madzi alowamo. Onani ngati madzi oziziritsa akutuluka bwino ku ekizozi. Chinanso chomwe anthu amachidumpha ndi mavavu a mabowo olowetsa ndi kutulutsa madzi kunsi kwa boti, a kutoileti, a kusinki, a injini. Lililonse litseguke ndi kutsekeka ndi dzanja, ndipo chitsulo chake chikasanduka chapinki ndiye kuti chadyeka mkati chikhoza kuthyoka nthawi iliyonse, bowo limodzi lotere ndi lokwanira kumiza boti lili pa doko anthu ali m'tulo. Gasi wophikira naye ndi wolemera kuposa mpweya, akatayika m'boti sathawira kunja ngati m'nyumba, amatsikira kunsi n'kudikira moto, ndiye silinda iyenera kukhala m'bokosi lakelake lokhala ndi bowo lotulukira kunja kwa boti, mapaipi ake asakhale ong'aluka.

Zonsezi munthu wamba angazione pang'ono, koma lembani ntchito saveya wa maboti, katswiri wofufuza ngati boti lili bwino, yemwe mwamusankha inuyo komanso mukumulipira inuyo, osati yemwe wogulitsa wabwera naye. Lipoti lake inshulansi idzalifuna ndithu pa boti lakale, ndipo zomwe wapeza ndi zomwe mumagwiritsa ntchito ponenerera mtengo. Mapepala nawo, onetsetsani kuti wogulitsayo ndi mwini wakedi, boti lilibe ngongole kubanki, ndipo nambala yomwe ili pa thupi la boti chakumbuyo ikufanana ndi ya pa mapepala. Ku America nambala imeneyi inakhala yokakamiza kuyambira 1972.

Za kukula kwa boti ndinenepo mwachidule. Anthu amathamangira lalikulu ati kuti mukhale malo, koma malipiro a pa doko amawerengera kutalika kwa boti, penti, matanga, zingwe, nangula, zonse zimakwera boti likamakula, ndipo lalikulu kwambiri anthu awiri okha limawavuta kuimika mphepo ikamawomba. Boti lotchipa kwambiri lomwe lakhala zaka osayenda nalonso ndi msampha, mumalipira pang'ono pogula kenako ndalama zimangotuluka ngati madzi m'dengu. Kuli bwino laling'ono lomwe mwini wake amaliyendetsa pafupipafupi ndipo ali ndi fayilo ya malisiti.

Zakunja zikakhala bwino, pamenepo tsopano tsikirani mkati mukakhale pa tebulo paja, ndipo osangokhala mphindi ziwiri ayi. Tengani anthu omwe muzidzayenda nawo, mutambasule mapiko onse awiri muone ngati munthu angadutsebe kupita kutoileti kaya kutsogolo, chifukwa pa maboti ambiri tebulo likatambasuka njira yatsekeka. Imirirani pomwe pali sitovu muone ngati mutu sukugunda denga, gonani pa bedi muone ngati miyendo ikutambasuka, nunkhizani m'makabati ngati mulibe nkhungu. Ndipo poliyesa panyanja pemphani kuti akweze matanga boti lipendekeke, mutsikirenso mkati muone ngati pali pogwira paliponse kuchokera pa masitepe mpaka kutsogolo, ma dirowa sakutseguka okha, ndi kapu mwaiika patebulo ija ikadali pomwepo.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti mukamalemba nkhani za mipando yosadya malo kaya za moyo wa pa boti, musamangotipatsa zithunzi zokongola. Mutipezereko kalipentala atifotokozere za mahinjesi ndi matabwa omwe amakhalitsa, komanso saveya wa maboti atiuze zomwe amapeza akagogoda deki, ifenso tili ndi mafunso ambiri oti tiwafunse.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu nthawi zonse