Mwana wanga, za mng'ono wako zija

Mwana wanga,

Ndati ndilembe pano chifukwa pa foni umangoti chabwino mayi, chabwino mayi, koma ine ndimamva kuti mtima wako sunatsike. Nkhani ndi ya mng'ono wakoyu.

Ndikudziwa zimene anakuchita, ndalama zija zinali za fizi yako ndipo unakhala pakhomo chaka chathunthu anzako akupita kusukulu, ine sindinaiwale ndipo sindikuti uiwale ayi. Koma amene anatenga ndalamazo anali mwana wa zaka 15, chamba chili m'mutu, anzake aja akumukoka, pano wabwera kuchokera ku Chilwa ali ndi ndevu ndipo iwe ukumuonabe ngati yemwe uja. Wa social welfare anandiuza kuti lamulo la ana la 2010 lija sililola nkomwe khoti la ana kunena kuti mwana wagamulidwa ngati mkaidi, nchifukwa chake ku Chilwa ku Zomba kuja ndi ku Mpemba amati ndi sukulu yosinthira khalidwe. Ndiye boma lisamutche mkaidi, m'bale wake wa bere limodzi ndi amene azimutcha choncho pamaso pa ana?

Chimene chandiwawa kwambiri ndi cha sabata yatha. Anabwera kwanu kudzakuonani, akulowa pakhomo mlamu wake nkudzuka kukakhoma kuchipinda, kiyi nkumanga pa chitenje iye akuona. Atabwerako sanandiuze kanthu, nsima anangoigwira pang'ono nkusamba m'manja, zonsezi ndamva kwa mdzukulu wanga. Sindikuwada apongozi anga, amangotsata zomwe amamva kwa iwe.

Usiku sagona bwino, amadzuka mbandakucha kuyala pogona nkukhala chete kudikira kuti wina amuuze chochita, ngakhale kupita kuseri amayamba wapempha. Ganyu akapita kukafunsa anthu amati tikuitana, saitana. Pomwe anyamata aja a pa sitolo akumuitana daily, eti ndi okhawo amene akumupatsa moni ndi dzina lake, ndiye ine mantha anga ali pamenepo.

Ndalama m'manja usamupatse, nanenso sindimupatsa. Kumene kuja anaphunzira ukalipentala ndipo dzanja ali nalo, mpando wa bambo ako uja unathyoka mwendo waukonza ndi hamala yobwereka. Mugulire pulena, sowo ndi tepi, olo zakale za pamsika, ndipo chitseko cha kukhitchini kwanu chija musaitane munthu wina, mumuitane iyeyo ndipo mumulipire monga mmene mukanalipirira mmisiri aliyense. Akalakwitsa muuze pa awiri, za kale zija usazibweretsemo.

Mwezi ukatha bwera wekha, ana uwasiye, amalume ako avomera kuti adzakhalapo mukambirane za ndalama zija, mng'ono wakoyo akuti akufuna azikubwezera pang'onopang'ono. Usadzakane kulandira.

Moni kwa apongozi ndi adzukulu anga.

Ndine mayi ako